Atakuuzani kuti musankhe nthawi yokhala msilikali, mungasankhe iti?

Funso ili limabuka kawirikawiri anyamata akangomaliza kuonera filimu ya nkhondo kapena akatopa ndi magemu a pafoni: atakuuza kuti usilikali ulowa basi, kuthawa kulibe, koma nthawi yake usankhe wekha, kaya yamakedzana kaya ya mtsogolo, ungatenge iti? Mayankho ake sasintha kwenikweni. Wina amati Aroma chifukwa cha zishango zija ndi mmene ankagubira mwadongosolo, wina amati iye ndi Mngoni ndiye mpatseni nthungo ndi chishango cha chikopa atsate Zwangendaba, wina akufuna nkhondo yachiwiri ya dziko lonse aziulutsa ndege, kenako pamapezeka wina woti ine mtsogolo basi, ndizikhala pampando ndi kompyuta ndikuulutsa drone. Onsewa akusankha chida ndi yunifomu. Koma chida si chimene chimagamula kuti ubwerera kwanu kapena ayi. Zimene zimagamula ndi izi: iweyo mmene ulilimu ukanakhala ndani mu nthawi imeneyo, chimapha anthu ndi chani, ukavulala akunyamula ndani, ukumenyera za ndani, komanso nkhondo ikatha akukumbukira kapena ayi.

Tiyambe ndi Aroma poti ndi amene amakopa ambiri. Kuyambira nthawi ya mfumu Augustus usilikali unali ntchito yolembedwa ndithu, ya malipiro, madinari (ndalama za Aroma) 225 pachaka, koma pa ndalama imeneyo ankakudula ya chakudya ndi zovala. Zaka zogwira zinafika 25. Tangoganizani, kulowa uli ndi zaka 18 kutuluka uli ndi 43, ndipo lamulo silinkakulola kukwatira mpaka cha mma 197 pamene Septimius Severus anasintha zimenezi. Masiku ambiri sunkamenya nkhondo ayi, unkayenda ndi katundu kumsana, madzulo kukumba ngalande ndi kumanga msasa, mawa kuugwetsa nkupitirira, nthawi ina kumanga misewu ndi milatho, mkulu wa gulu ali pambuyo ndi ndodo ya mpesa yokwapulira. Ubwino wake unalipo, sindikana. Anali ndi zipatala za asilikali mmisasa ikuluikulu, ndipo ukamaliza zaka zako unkalandira malo kapena ndalama zokwana madinari 3,000, pomwe amene sanali nzika ya Roma ankapatsidwa unzika. Pa nthawi imeneyo zinali zosowa. Koma udziwenso kuti mchaka cha 9 AD magulu atatu athunthu a mkulu wa asilikali Varus anathera mnkhalango ya Teutoburg ku Germany, ndipo bala la pamimba masiku amenewo linali imfa basi, dokotala akhale wodziwa bwanji.

Za Angoni ndiye zimatikhudza pafupi. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo gulu lake linayenda mpaka ku Ufipa mu Tanzania ya lero lisanagawikane. Amene amasankha nthawi imeneyi amadziona ali induna, nthenga kumutu. Koma gululo linkakula bwanji? Linkakula potenga anyamata ndi atsikana a mitundu imene linkaigonjetsa mnjira, Ansenga, Achewa, Atumbuka ndi ena, nkuwalowetsa mmagulu ankhondo. Ndiye ngati ndinu wa Banda kapena Phiri, mwayi waukulu ndi woti mukanakhala mnyamata wogwidwa pamene mudzi wanu ukupsa, kapena mukanakhala mbali inayo, mkati mwa linga kapena pamwamba pa phiri mukubisala, minda ili kumunsi osalimika. Ndipo ngakhale mukanakhala Mngoni weniweni, zimadalira chaka. Pofika 1896 Inkosi Gomani anaphedwa ndi atsamunda, mu 1898 asilikali a Mpezeni anagonja kufupi ndi Chipata, mwana wake Nsingo nkuphedwa, ng'ombe nkulandidwa. Kulimba mtima kunalipo kokwanira, koma nthungo pamaso pa mfuti ya Maxim sinkaphula kanthu.

Tsopano pali chinthu chimene mafilimu sakonda kuonetsa, ndipo ndi chimene chimasintha funso lonseli. Kwa zaka mazanamazana msilikali sankafa kwenikweni ndi mdani, ankafa ndi mmimba. Kamwazi, kolera, malungo, matenda ofalitsidwa ndi nsabwe, chibayo. Chifukwa chake nchosavuta kumva: sonkhanitsani amuna masauzande pamalo amodzi, achokera mmadera osiyanasiyana aliyense ndi matenda akwawo, akumwa mtsinje womwewo umene ena akudzithandiziramo kumtunda, sakusamba, akudya moperewera, akugona mothithikana. Pa nkhondo ya ku Crimea ya 1853 mpaka 1856, mwa asilikali a Britain oposa 20,000 amene anafa, pafupifupi 16,000 anafa ndi matenda, ndipo nkomwe Florence Nightingale anatchukira polimbana ndi uve wa mchipatala cha Scutari. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, pa anthu atatu aliwonse akufa awiri anali a matenda. Napoleon analowa mu Russia mu 1812 ndi gulu la anthu pafupifupi 600,000, obwerera anali ochepa zedi, ndipo ambiri anali atayamba kale kugwa ndi matenda ndi njala chisanu chisanafike nkomwe. Choncho aliyense wosankha nthawi ya chaka cha 1900 chisanafike adziwe kuti akusankha imfa ya pamphasa, osati ya pabwalo la nkhondo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi pamene ndimafuna tikhalitse pang'ono chifukwa apa sitikuyerekeza, agogo athu analimo. Anthu akamva 1914 amaganiza za maenje a ku France, ndipo nzoona kunali koopsa, pa 1 Julaye 1916 pokha ku Somme asilikali a Britain oposa 19,000 anafa tsiku limodzi. Koma munthu wa ku Nyasaland sakanapita ku Somme. Nkhondo inamupeza konkuno. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Gwendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa Sphinxhaven, pamene lero pakutchedwa Liuli, tsidya la nyanja. Pa 9 Seputembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Kuchoka apo inasanduka nkhondo yothamangitsana ndi mkulu wa asilikali a Ajeremani von Lettow-Vorbeck kudutsa Tanganyika, Mozambique mpaka Northern Rhodesia, ndipo iye anadzatula zida pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, Mbala ya lero, ku Ulaya nkhondo itatha kale masabata awiri. Makolo ankaitcha nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti ija yolira mosalekeza.

Ndiye funso lija loti ukanakhala ndani. Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000, a Keyala aja (King's African Rifles, gulu la asilikali akuda la atsamunda), koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000, mdziko limene anthu onse ankangopitirira pang'ono 1 miliyoni. Ndiye kuti pa msilikali mmodzi wa mfuti panali anthu khumi a katundu pamutu. Mukasankha 1916 muli Mmalawi, masamu akuti ndinu mtengatenga. Nchifukwa chani ankafunika ochuluka chonchi? Misewu ya galimoto kunalibe, ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, ndiye chipolopolo chilichonse, thumba lililonse la ufa ndi mpunga linkayenda pamutu pa munthu. Vuto lake ndi loti wonyamulayo nayenso amadya. Tiyerekeze wasenza makilogalamu 25 ndipo amadya kilogalamu imodzi patsiku, ulendo wa masiku 12 kupita ndi 12 kubwera ndiye kuti wadya pafupifupi katundu yense, kutsogolo kwafika kilogalamu imodzi yokha. Choncho mzere ukamatalika pamafunika onyamula chakudya cha onyamula anzawo, ndipo zikathina njira yachidule imene akuluakulu ankaitenga inali kuchepetsa phoso la wonyamulayo. Munthu wanjala, wopanda nsapato, wopanda bulangete lokwanira mmapiri ozizira a kumwera kwa Tanganyika, kamwazi akangomugwira sankachedwa. Kumbali ya Britain yokha amtengatenga pafupifupi 95,000 anafa pa nkhondo ya kummawa kwa Africa. Ambiri sanalowe mwakufuna kwawo, mafumu ankapatsidwa chiwerengero choti apereke, anthu ankagwidwa ngakhale usiku, ena nkuthawira kutchire. Kumudzi minda inatsala ndi amayi ndi okalamba, njala nkulowa, kenako chimfine cha 1918 chinabwera nkumalizitsa.

John Chilembwe anaziona izi zikungoyamba kumene. Chakumapeto kwa 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka amene alibe kanthu mdziko lawo lomwe akukafera nkhondo yosawakhudza, nkusiya amasiye, ndipo anakumbutsa kuti magazi a anthu akuno anali atakhetsedwa kale kunja. Sankanama, asilikali ochokera kuno anamenya nawo nkhondo ya Asante ku Ghana ya lero mu 1900, ndipo ku Somaliland mu 1903 ambiri anathera pa Gumburu. Dzina la Cobbe Barracks ku Zomba likuchokera kwa mzungu amene anawatsogolera ku Somaliland komweko. Funso la Chilembwe loti tikufera chani ndi limene osankha nthawi ambiri salifunsa. Ndipo za kukumbukiridwa, mu 2021 bungwe loona manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwina mpaka 350,000, ambiri a mu Africa ndi ku Middle East, sanalembedwe maina pena paliponse pomwe azungu ankaikidwa aliyense ndi mwala wake. Chimene chinatsala mmidzi ndi magule, malipenga ndi beni, anthu akuguba ndi mayunifomu oyera kutsanzira perete.

Nkhondo yachiwiri ndi pamene zinthu zinatembenuka kumbali ya mankhwala, ndipo ngati wina akukakamira nthawi yakale ndimamuuza kuti asabwerere kupyola apa. Kuika magazi kunayamba kuyenda bwino, penisilini anayamba kupezeka wambiri cha mma 1944, kunabwera mapiritsi a mepacrine oteteza malungo. Koma musaganize kuti zinangosintha tsiku limodzi. Ku Burma mu 1943, mkulu wa asilikali William Slim anawerengera kuti pa munthu mmodzi wochotsedwa kunkhondo chifukwa cha bala, 120 ankachotsedwa chifukwa cha matenda. Anachita kulamula kuti mtsogoleri amene anyamata ake sakumwa mapiritsi achotsedwe paudindo, mpamene chiwerengero chinatsika. Apa mpamene mumaonera kuti mtsogoleri wabwino amapulumutsa anthu ambiri ndi chimbudzi, neti ndi piritsi kuposa ndi mfuti.

Asilikali akuno anamenya ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, ndipo Moyale Barracks ya ku Mzuzu dzina lake ndi la tauni ya mmalire a Kenya ndi Ethiopia kumene anamenyako. Mu 1944 anali mgulu la 11th East African Division limene linatsika chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya mvula yosakata, matope, misundu, malungo, kuthamangitsa Ajapani mpaka mtsinje wa Chindwin. Amene uja amafuna kuulutsa ndege, pepani, khomo limenelo kwa munthu wakuda wa ku Nyasaland linali lotseka, ngakhale udindo wa ofisala sakanaulawa. Chikoti chinali chololedwa kwa asilikali akuda mpaka 1946. Nkhondo itatha ndalama yothokoza inawerengedwa motengera khungu: msilikali wamba wachizungu mashereni 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira, wakuda mashereni atatu ndi theka. Chipolopolo cha Mjapani sichinkasankha, koma ofesi yolipira inkasankha. Komabe ambiri anabwera atadziwa kuyendetsa galimoto, kuwerenga, ntchito za mawailesi, komanso ataona ndi maso kuti mzungu naye amaopa ndipo amafa. Mzaka za mma 1950 ena anatumizidwanso ku Malaya kukasaka zigawenga mnkhalango, nkhondo inanso ya eni ake.

Tidumphe tipite mtsogolo, kwa mnzathu wa pampando ndi kompyuta uja. Chithunzi chimene ali nacho ndi cha asilikali a America amene ankakhala ku Nevada nkumaulutsa ndege zopanda munthu kutali ku Afghanistan. Ntchito imeneyo ilipo, ngakhale nawonso ambiri amavutika mmaganizo chifukwa umamuyang'ana munthu masiku ambiri, ukuona ana ake akusewera pakhomo, kenako nkulamulidwa kuwombera. Koma tsogolo lenileni likuoneka ku Ukraine kuyambira 2022. Kumeneko ma drone angonoangono otchipa ali ponseponse, owulutsa ake sakhala kutali ayi, amakhala mmaenje makilomita ochepa kuchokera kwa mdani ndipo iwowo ndi amene amasakidwa koyamba. Ena mwa ma drone amenewa amakoka kawaya kopyapyala ka fibre kotero sungawasokoneze ndi makina otchinga mafunde. Choopsa kwambiri ndi ichi: chimene chinkapulumutsa ovulala kuyambira nkhondo ya ku Korea ndi helikopita, ndipo ku Afghanistan asilikali a America anali ndi lamulo loti wovulala afike pa dokotala pasanathe ola limodzi. Kumwamba kukadzaza ma drone helikopita siingatere, ngakhale galimoto imawomberedwa, ndiye wovulala amadikira maola ambiri, nthawi zina masiku, lamba woletsa magazi ali chimangire mpaka mwendo kufa, mabala nkulowa tizilombo tosamva mankhwala. Ndiye kuti pa nkhani ya kupulumuka ukavulala, tsogolo likubwerera mmbuyo.

Ndipo funso lija libwerenso, iweyo ukanakhala ndani? Zida zodula zimakhala ndi maiko olemera, msilikali wa dziko losauka nthawi zambiri amakhala pansi pa drone osati kumbuyo kwake, ndipo ma drone akugwiritsidwa kale ntchito ku Sudan, ku Ethiopia ndi ku Mali. Palinso njira ina yowawa imene mnyamata wa kuno angapezekere mu nkhondo ya mtsogoloyo. Lemekhani Nyirenda, wophunzira wa ku Zambia amene anali mndende ku Russia, anatengedwa ndi gulu la asilikali aganyu la Wagner nkukafera ku Ukraine mu 2022. Zaka zoposa 100 chichokereni amtengatenga, nkhondo ya eni ake ikudyabe ana a kuno.

Nanga ine ndingasankhe iti? Ndingasankhe usilikali wa dziko langa lomwe, kuyambira 1964 pamene Keyala inasanduka Malawi Rifles, chifukwa apa mpamene koyamba msilikali wakuno akanatha kukwera mpaka pamwamba, komanso kufunsa kuti lamulo likuchokera kwa ndani. Sikuti munalibe imfa. Kuyambira 1987 asilikali athu ankalondera njanji ya Nacala mkati mwa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo ndipo ena anatsalira komweko, koma njanji imeneyo inali njira yathu yopitira kunyanja yamchere, munthu ukanadziwa chimene ukulondera. Ndikati ndiloze chaka chenicheni ndingaloze Disembala 1993, nthawi ya Operation Bwezani, pamene asilikali analanda zida a Malawi Young Pioneers pambuyo pa kuwomberedwa kwa asilikali anzawo ku Mzuzu. Anthu anafa, sizinali zosangalatsa, ndipo zinayamba ndi mkwiyo wa asilikali wamba. Koma chimene chimandigwira mtima ndi choti mphamvu zonse zinali mmanja mwawo, Kamuzu akudwala, boma likugwedezeka, maiko ena a mu Africa zikafika apo mkulu wa asilikali amapita pa wailesi kukalengeza kuti watenga boma. Athuwa anabwerera kubaraki, chisankho cha Meyi 1994 nkuchitika.

Wina anena kuti bwanji osasankha za masiku ano zosungitsa mtendere, poti kuli ma alawansi a madola, ndege, madokotala. Nzoona anyamata ambiri amanga nyumba ndi ndalama za ku Congo, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma gulu limene Malawi analowamo mu 2013 limodzi ndi Tanzania ndi South Africa silinali longoyang'anira, linapatsidwa mphamvu zomenya zigawenga. Mu Novembala 2018 kufupi ndi Beni asilikali athu 6 anaphedwa polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala pamtetete zipolopolo zikugwa, anatuluka pamene anabisala nkukamukokera pabwino, ndipo akumuthandiza choncho iye anawomberedwa. Mtanzaniayo anapulumuka. Mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yapamwamba kwambiri kwa osungitsa mtendere. Mu Januwale 2025 enanso atatu anafa kummawa kwa Congo pamene zigawenga za M23 zinkalowera ku Goma, ndipo mwezi wotsatira boma linalamula kuti asilikali ayambe kukonzeka kubwerera kwawo. Maliro awo anafika ndi ndege, mabokosi atakutidwa mbendera, maina awo akuwerengedwa pa wailesi. Amtengatenga a 1917 ambiri anakwiriridwa mmbali mwa njira pakati pa Karonga ndi Iringa, ndipo kwawo uthenga unkafika ndi mnzawo amene wabwerako, ngati analipo wobwerako.